Mlandu wa Mayi Rautio Unatuluka m'Sauna

Zaka makumi atatu ndi chimodzi mayi Helmi Rautio anakhala patebulo la m'mphepete mwa bwalo la nkhonya ku Thunder Bay, wotchi kudzanja lamanzere, kanyundo ka belu kudzanja lamanja, ndipo m'zaka zonsezo palibe amene anawapatsa ngakhale jekete la bungwe. Majekete abuluu a chizindikiro pachifuwa ankasokera amuna a m'komiti. A Helmi ankabwera ndi juzi yoluka okha, botolo la khofi, ndi kope lachikuto chakuda momwe ankalembamo nthawi ya chilichonse chochitika m'bwalomo.

Anabadwira kunja kwa tauni, m'banja la odula mitengo lochokera ku Finland, mwana wachinayi mwa asanu ndi mmodzi. Sukulu anaisiya ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, osati chifukwa cha umbuli, koma chifukwa mtengo unathyola bambo awo msana. Anakalowa ntchito yochapa nsalu za odwala kuchipatala, ndipo anachapa kumeneko mpaka kupuma. Ntchitoyo inawasiyira mawondo otupa ndi khalidwe limodzi lomwe linadzasautsa anthu ophunzira kuposa iwo: ankawerenga chilichonse cholembedwa mpaka mzere womaliza. Ankati munthu wosawerenga timalemba ta pabotolo la mankhwala ochapira amabwerera kwawo manja atasupuka.

Kunkhonya anafikako chifukwa cha amuna awo, malemu Veikko, amene ankamanga zingwe za bwalo tsiku la masewera. A Helmi ankakhala pakhomo kugulitsa khofi ndi buledi wotsekemera. Loweruka lina mkulu wosunga nthawi, amene anali atayamba kulawa botolo kuyambira m'mawa, anasinza wotchi ili m'manja. Ndime ya mphindi zitatu inafika mphindi zisanu, omenyana awiri atangokolekerana ngati zovala pachingwe, anthu akukuwa. A Helmi anasiya ketulo, n'kudutsa pakati pa mipando, n'kulanda kanyundo kaja n'kumenya belu. Mkulu uja podzidzimuka anapeza ntchito yake ili ndi mwini wake wina. Veikko atamwalira anthu ankaganiza kuti mkaziyo asiya. Loweruka lotsatira maliro anali patebulo pawo.

Ntchito ya wosunga nthawi ndi yaifupi kuifotokoza. Amaliza belu poyamba ndi potsiriza ndime. Munthu akagwa, ndiye amayamba kuwerenga masekondi, kumenya chikhatho pansi pa bwalo kuti woimbira atolere pomwe wafika. Ndewu ikatha amasaina pepala lonena mmene yathera, pamodzi ndi woyang'anira masewera a tsikulo. Mzere umodzi wa pepala limenelo ndi umene umakalowa m'kabuku kamene womenya nkhonya aliyense amayenda nako. Akalemba kuti munthu anakomoka, ndiye kuti masiku makumi asanu ndi anayi, miyezi itatu yathunthu, sadzalowa m'bwalo, ngakhale kukayeserera ndi anzake. Lamuloli analiikira ubongo, chifukwa ubongo sutupa pooneka ngati diso.

Koma makalabu a m'tauniyo anali ndi njira yawo yomwe inayamba kale, a Helmi asanagwire n'komwe kanyundo. Munthu wawo akagwa, mphunzitsi ankaponya thawulo m'bwalo, woyang'anira n'kulemba kuti mphunzitsi wamutulutsa yekha munthu wake. Wotulutsidwa salembedwa zokomoka, kabuku kake kamakhala koyera, ndipo Lachiwiri amakhala atabwerera kukalabu. Ankalitcha thawulo la chifundo. Anthu amenewa sanali mbava kapena zigawenga. Anali amuna okonda masewera awo, opereka nthawi yawo ulere, ndipo n'chifukwa chake palibe ankawatsutsa. Munthu akakupatsa chinthu ulere amaganiza kuti wagulanso pakamwa pako.

Loweruka la mu February limenelo masewera anayamba thu koloko masana m'holo yakale ya ogwira ntchito padoko. Ndewu yachisanu ndi chimodzi inali ya Darcy Pelletier, bambo wa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri, wokonza njanji, amene kalabu yonse inkayembekezera kuti akatenga chikho cha chigawo chonse patangopita milungu isanu. Ndime ziwiri anamenya bwino. Ndime yachitatu anatsitsa dzanja lamanzere pang'ono, monga ankachitira akayamba kudzimva, ndipo mlendo wa ku Winnipeg anamupeza ndi lamanja pachibwano. Darcy anagwa chagada ngati chitseko, mutu n'kugunda pansi, miyendo n'kuuma.

A Helmi anadina wotchi n'kuyamba kumenya chikhatho. Anafika pa khumi, woimbira n'kutambasula manja. Apo ndi pamene thawulo loyera linauluka kuchokera pakona, n'kudzatera pafupi ndi phazi la munthu wogona. A Helmi sanaimitse wotchi. Darcy anatsegula maso wotchiyo ikuonetsa masekondi makumi anayi ndi imodzi. Dokotala anamuunika m'maso, n'kumufunsa dzina lake. Atayankha kuti Darcy, holo yonse inaomba m'manja ngati wapambana.

Woyang'anira tsiku limenelo anali a Orest Makarchuk, wapampando wa komiti, amene moyo wawo wonse anagulitsa magalimoto akale ndipo ankayankhulabe ngati akukugulitsa imodzi. Anabwera ndi pepala atalemba kale.

"Tasainani apa, mayi, anthu akudikira ndewu ina."

A Helmi anakweza magalasi n'kuwerenga. "Mwalemba chiyani apa, a Orest?"

"Zimene zachitika. Mphunzitsi wamutulutsa."

"Thawulo lagwa ine nditafika kale pa khumi."

"Aa, maso aukalamba amenewo, Helmi. Magalasiwo munasintha liti?"

"Chaka chomwe inu munasintha mano."

A Sal Veltri, mphunzitsi wa Darcy, amene analinso wa m'komiti, anawerama pazingwe thukuta likudontha. "Mayi anga, musatero. Mwana uyu wadikira zaka zitatu. Mukamulembera masiku onsewo ndiye basi, chikho chapita. Taonani, wadzuka yekha, akuseka."

"Akuseka chiyani? Tamufunsani ngati akudziwa chomwe akuseka."

"Tonse tinagwapo ife. Ine ndinagwa kanayi, si ndili pano?"

"Muli pamenepo, eya," anatero a Helmi. Anatenga cholembera, n'kulemba m'munsi mwa mzere wa a Orest ndi zilembo zikuluzikulu kuti anakomoka masekondi 41, n'kusaina pansi pake. A Orest anapinda pepalalo kanayi, n'kulilowetsa m'thumba la jekete labuluu, n'kukatenga lina losalembedwa. Limenelo anasaina okha pawiri ponse.

Nkhani za komiti sizinkakambidwa muholo. Kuyambira kale zinkakambidwa Lamlungu masana m'sauna, kanyumba kosambiramo nthunzi, ya msungichuma, a Reino, kunyanja. Amuna atatu ankakhala pathabwa buno bwamuswe, kuthira madzi pamiyala yotentha, n'kugamula za anthu ena mu nthunzi. Ankanyadira mwambowo. Ankati munthu wopanda zovala sanganame, alibe pobisa bodza. Mabodza ochuluka a bungwe limenelo anabadwira pathabwa lomwelo. Ubwino wake weniweni, womwe sankautchula, unali woti woimbidwa mlandu sangalowemo, makamaka akakhala mkazi wamasiye wa zaka makumi asanu ndi awiri, ndiponso pepala silikhalitsa mu nthunzi.

Kalata inafika Lachinayi. Inati mayi Rautio aimitsidwa pa ntchito zonse za bungwe mpaka komiti idzaganizenso, chifukwa chonyoza akuluakulu pamaso pa anthu ndi kuwononga pepala la masewera. Munalibe tsiku loti adzadziyankhire. Munalibe ngakhale zikomo wa zaka makumi atatu.

A Helmi anaiwerenga kawiri ali chiimire m'khitchini, n'kutuluka kukachotsa chipale chofewa panjira ndi fosholo mpaka mkwiyo unatsikira m'mapewa. Mpando wa wosunga nthawi uja sunali wamalipiro. Koma unali malo okhawo m'tauni yonse pomwe iwo akati nthawi yakwana, amuna akuluakulu ankasiya kumenyana n'kubwerera kumakona awo. Lachisanu kusitolo mayi wina anawagwira dzanja n'kunena kuti, "Tamva kuti mwapuma, achemwali. Zinayamba kukusokonezani eti? Ukalamba ndi choncho." Apo ndi pamene anadziwa nkhani yomwe inatuluka mu nthunzi muja: kuti Helmi wayamba kuiwala, sakuthanso kuwerenga mpaka khumi.

Kunyumba anatsegula kabati ya pansi pa telefoni n'kutulutsa malamulo a bungwe. Anali nawo chifukwa zaka ziwiri m'mbuyomo ndi iwo amene anapatsidwa ntchito yolumikiza mapepalawo, makope makumi anayi, popeza ntchito yoteroyo siyenera munthu wa jekete. Nthawi imeneyo likulu la bungwe linatumiza loya wachitsikana kuchokera ku Toronto kudzafotokoza malamulo atsopano. Amuna anali atadya kwambiri masana ndipo theka la iwo linkasinza. A Helmi anali kumbuyo akuthira khofi, ndipo anamva zonse.

Loyayo anati ku Ulaya kunali mayi wina wothamanga pamadzi oundana amene anamuletsa masewera. Mlandu wake unakazengedwa kukhoti lalikulu la zamasewera ku Switzerland chitseko chili chotseka, ngakhale iye anapempha kuti anthu alowe adzamve. Mayiyo sanagonje. Anakadandaula kukhoti loona za ufulu wa anthu ku Strasbourg, ndipo patapita zaka khotilo linati pa nkhani ya chitsekoyo anamulakwira: munthu amene dzina lake ndi ntchito yake zili pa mlandu ayenera kumvedwa poyera akapempha. Khoti la zamasewera lija linasintha lamulo lake.

A Orest anadzuka pa mawu amenewo. "Ndiye ife zikutikhudza bwanji, mwanawe? Kuno si ku Ulaya."

"Khoti limenelo silingakulamuleni, n'zoona," anayankha loya uja. "Koma otilamula ife amaonera kwa owalamula, ndipo a inshuwalansi yathu anatiuza kuti sakufunanso milandu yogamulidwa kuseri. Mukapanda kuvomereza malamulowa, masewera anu adzakhala opanda inshuwalansi, ndipo holo palibe adzakubwerekeni."

Manja onse anakwera nthawi yomweyo, a Orest poyamba. Palibe anatsegula tsamba lachiwiri. Ndime yakhumi ndi chinayi inali patsamba lachisanu ndi chinayi, ndipo Lachisanu limenelo a Helmi anaipeza mosavuta: aliyense woimitsidwa ali ndi ufulu wopempha kuti mlandu wake umvedwe ndi munthu wosakhudzidwa nawo, poyera, ndipo chigamulo chilembedwe pamodzi ndi zifukwa zake.

Analembera likulu kalata ya mizere isanu ndi umodzi. Lolemba a Orest anaimika galimoto pakhomo, n'kulowa osagwedeza n'komwe nsapato.

"Helmi, mwachita chiyani? Zinthu zapakhomo mukuziyanika ku Toronto?"

"Nsapatozo, a Orest. Ndakolopa."

Anabwerera pamphasa yapakhomo. "Tikanakambirana ngati anthu. Mukanapuma miyezi iwiri, mitima n'kuzizira, n'kubwerera mwakachetechete. Za Azungu a ku Ulayazi n'za anthu a mamiliyoni, si za ife a m'holo yodontha."

"Munavota nokha."

"Tinavotera inshuwalansi!"

"Mkono unakwera uja unali wanu kapena wa inshuwalansi?"

A Orest anatsitsa mawu, monga ankachitira wogula akafuna kuthawa. "Mukatsegula chitseko chimenecho, ndiye kuti mwapha kalabu. Makolo adzachotsa ana awo. Malemu Veikko akanakhalapo sakanalola."

"Veikko musiyeni agone. Anakumangirani zingwe zaka makumi awiri, ndipo kumaliro kwake munafika anthu akudya."

"Komanso mudziwe kuti poyera pamapsa aliyense. Inunso mapepala a thawulo munasainapo."

Zimenezo zinali zoona, ndipo a Helmi anali atazilingalira kale. Kenako anati, "Mukatuluka mukoke chitseko mwamphamvu, chimavuta kukazizira."

Likulu silikanachitira mwina, popeza lamulolo linali lake lomwe. Linatumiza mayi Beaudry, amene anakhalapo woweruza milandu ya apantchito ku Sudbury, ndipo mlandu unaikidwa Loweruka m'mawa, patatha milungu itatu chichitikire ndewu ija. A Orest anaika mipando khumi ndi iwiri. Kunabwera anthu oposa zana, ena kuimirira m'mbali atavala majasi awo. Anthu a m'tauni yaing'ono sangadutse chitseko chomwe chakhala chotseka zaka makumi asanu atamva kuti lero chatseguka.

A Orest anayamba bwino. Anakamba za mbiri ya bungwe, za ana omwe nkhonya inawachotsa m'misewu, za ulemu. Za ukalamba wa a Helmi sanazitchule. Zinali zosavuta kuzinena pathabwa kwa amuna awiri otuluka thukuta, koma osati mwini wake atakhala pamaso pawo, kope lili pamiyendo, akuwayang'ana pamwamba pa magalasi.

Mayi Beaudry anaitana a Sal. "Bambo Veltri, thawulo munaliponya nthawi yanji?"

"Atangoyamba kugwa, mayi."

M'holomo munamveka kung'ung'udza. Theka la anthuwo linalipo tsiku lija. Koma palibe anaimirira, chifukwa a Sal anaphunzitsa ana awo ulere, ndipo ena anawaperekeza kuchipatala pagalimoto yawo.

"Mayi Rautio, muli ndi funso kwa mboni?"

"Limodzi lokha. Sal, mwana wanga, auze anthuwa thawulo la chifundo ndi chiyani."

A Sal anayang'ana a Orest. A Orest anaimirira. "Mayi woweruza, zimenezi ndi nkhani za m'kati mwa masewera. Tikanapempha kuti tikakambirane tokha kuchipinda."

"Muvule kaye!" anakuwa wina kumbuyo. Holo yonse inafa nako kuseka, ngakhale a Reino anabisa nkhope m'chipewa.

Mayi Beaudry anadikira phokoso lithe. "Amene angapemphe kuti titseke chitseko ndi mwini mlandu. Mayi Rautio?"

"Chisiyeni chotsegula. Muno mwatentha kale."

Ndiye a Sal anafotokoza, mawu akutuluka ngati akuzula misomali. Anati ndi njira yothandizira ana kuti asataye chaka chifukwa cha nkhonya imodzi yatsoka, kuti aliyense amadziwa, kuti ngakhale iwo anawachitira zomwezo mu 1979. A Sal atakhala pansi, a Orest anatulutsa chimene anasungira mapeto.

"Popeza tikuyanika zonse, mayi Rautio atiuze. Mapepala a thawulo sanasainepo iwo?"

"Ndinasainapo," anatero a Helmi. "Kasanu ndi kawiri." Anatsegula kope, ndipo pansi pa mpando panali thumba la makope ena akale omangidwa ndi labala. "Masiku ake ali umu, mayina ali umu, ndi masekondi omwe aliyense anagona. Onsewo ankadzuka pa eyiti, pa naini, akuzandima. Ndinkadziuza kuti poti wadzuka ndiye kuti ali bwino. Ndinalakwa kasanu ndi kawiri, ndipo ndi dzanja langa ili, palibe anandigwira. Mukufuna ndiwerenge mayinawo, a Orest? Atatu ali muno. Pamapepala onsewo dzina lanu lili pamwamba pa langa."

A Orest sanafune.

"Koma uyu sanadzuke pa naini," anapitiriza a Helmi. "Anagona masekondi makumi anayi ndi imodzi, miyendo itauma ngati ya nkhuku yophedwa. Ndachapa nsalu za anthu ovulala mitu zaka zambiri ine. Ndinati pano pokha ayi."

Pamzere wachitatu panaimirira mayi wachitsikana atavala yunifolomu ya osamalira okalamba pansi pa jasi. Anali Krista, mkazi wa Darcy. Tsiku la ndewu lija anali kuntchito, ndipo lero anangobwera chifukwa mwamuna wake anati akuchita chizungulire sangayendetse galimoto.

"Masekondi angati?"

"Mayi, khalani kaye pansi," anatero mayi Beaudry.

"Ayi, ndimve. Agogo, mwati angati?"

"Makumi anayi ndi imodzi, mwanawe."

Krista anatembenukira a Sal. "Munabwera naye kunyumba nokha, bambo Sal. Munakhala pampando wanga, ndinakupatsani tiyi. Munati mwamutulutsa chifukwa cha kamphuno kotuluka magazi. Kamphuno!" Mawu ake ankamveka mpaka kukhomo. "Munthu uyu sabata yatha wadutsa pakhomo pake ndi galimoto kawiri. Wandifunsa katatu tsiku limodzi ngati mwana tamutenga kusukulu. Magetsi a m'khitchini akuti akumubaya m'maso. Ine ndimati ndi kutopa kwa kunjanji. Ndiye Lachiwiri lililonse mumamuvekabe magolovesi anzake azimumenya m'mutu?"

"Krista, khala pansi iwe," anatero Darcy akumukoka jasi.

"Usandigwire! Tawauza anthuwa, ndime yachitatu ukuikumbukira?"

Darcy anayang'ana pansi. "Anandiuza mmene inathera," anatero.

Palibe anasekanso. Mayi Beaudry anafunsa a Orest ngati pepala loyamba lija akadali nalo. Anati linatayika. Mayiwo anafunsa woimbira wa tsikulo, amene anali atakhala phee pakona kuyembekeza kuti amuiwala, ndipo iye anati anali atatambasula kale manja thawulo lisanagwe. Palibe anali atamufunsapo. Mu sauna muja sankaitanamo mboni.

Chigamulo anachilembera patebulo pomwepo n'kuchiwerenga mokweza isanakwane thwelofu. Kuimitsidwa kwa mayi Rautio kwathetsedwa, ndipo abwerere pa ntchito yawo. Kabuku ka Darcy Pelletier kalembedwe kuti anakomoka, masiku ake makumi asanu ndi anayi ayambe kuwerengedwa lero popeza wakhala akumenyedwabe kukalabu, ndipo asadzalowe m'bwalo asanaonane ndi dokotala wa mitu. A Sal apume miyezi isanu ndi umodzi. Nkhani ya a Orest ipite kulikulu. Ndipo mayi Rautio alandire chenjezo lolembedwa chifukwa cha mapepala asanu ndi awiri aja.

Anthu ena anadandaula pa mzere womalizawo. A Helmi anangogwedeza mutu. "N'langa limenelo," anatero. "Mutu ukakula sulewa nkhonya."

Pakhomo potuluka anapeza Darcy atatsamira khoma, manja m'matumba, mkazi wake atapita kukatenthetsa galimoto. Sanawayang'ane kumaso.

"Mwandidyera chaka, mayi."

"Ndakudyera, eya."

"Zaka zitatu ndakhala ndikudzuka folo koloko kuthamanga m'chisanu. Inu n'kungolemba mzere umodzi."

"Udzabwere chaka chamawa udzandikalipirenso. Ukadzakhala ukukumbukabe kuti ndinakudyera chaka, ndidzakondwa kwambiri."

Darcy anawerama n'kunyamula thumba la makope lija, popeza masitepe anali oterera ndipo mawondo a mayiwo aliyense ankawadziwa. Anawafikitsa pagalimoto yawo.

Kalabu siinafe monga analosera a Orest. Makolo awiri anachotsa ana awo, anayi anabweretsa awo. Likulu linafufuza a Orest miyezi isanu ndi itatu n'kuwalembera kalata yofewa ngati buledi, ndipo chaka chotsatira kabuku ka pachaka ka bungwe kanawayamikira, pamodzi ndi chithunzi chawo, kuti anatsogolera kusintha kwa chitetezo cha osewera m'chigawo cha kumpoto. Dzina la a Helmi mulibemo. Aliyense wofuna akhoza kukaona yekha, ndi patsamba lachitatu. Dziko limayenda choncho, ndipo amene amati choonadi chimadzilipirira chokha sanakhalepo m'komiti.

Masewera otsatira anali mu April. A Helmi anafika ola lathunthu nthawi isanakwane, n'kupeza kuti wina wasuntha tebulo lawo kuliika kuseri kwa mzati, pomwe kona imodzi ya bwalo siinkaoneka. Sanafunse kuti ndani. Anaitana a Reino, amene ankadutsa ndi bokosi la matikiti akuyesa kuti sanawaone.

"A Reino, tatulani kaye bokosilo. Gwirani mbali iyo."

"Msana wanga, Helmi."

"Nthunzi idzauwongola Lamlungu. Nyamulani."

Analinyamula, n'kuliika pomwe a Helmi analoza ndi phazi. Mayiwo anakhalapo zaka zina zinayi, mpaka mawondo anakanirathu masitepe a holoyo, ndipo anachoka tsiku lomwe anasankha okha.